Mpala Wanga ndi Maliro a Nkhalamba Chitsulo

Ine cholinga changa chinali chaching'ono, anzanga, Mulungu ndi mboni: kukwera basi ku Scarborough, kulowa sitima yapansi pa nthaka, kukatsika m'tauni, kukanena mawu awiri okha, n'kubwerera kwathu mwaulemu ngati munthu wobatizidwa. Basitu. Kodi pamenepa pali tchimo?

Zinali zaka za m'ma sevente. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito yokankha odwala pa chipatala china mu Toronto muno. Sukulu ndinalekeza Sitandade 7 kwathu ku Ntcheu, kuno anandibweretsa ndi amishoni ena amene ndinkawaphikira, ndiye Chingelezi changa chambiri ndinachitola m'timabuku ta zithunzi tija amati makomiki. Ubwino wake, mawu akakukanika chithunzi chimakuuza chokha kuti uyu wamenyedwa chibakera. Ine kanga kapamtima kanali ka gulu lina la ngwazi zouluka, dzina lawo ndingalitembenuze kuti Alonda a Mphezi. Kanali kakomiki kovutika, kosayenda malonda, ena ankati mwina kasiya kutuluka, koma ine mwezi ndi mwezi ndinkakagula chifukwa cha munthu mmodzi, Nkhalamba Chitsulo, mkulu wa gululo. Anali wosalankhulalankhula, wamapewa otambalala, akakwiya ankangoyang'ana pansi. Ndendende bambo anga.

Ndiye bambo angawo anamwalira. Uthenga unandipeza atawaika kale m'manda, achibale atameta kale, mphasa atayalula kale. Achimwene anga a Gelesomu anaona kuti kundiuza msanga n'kundivutitsa pachabe popeza sindikanafika. Ndani anawafunsa? Amalume anati mwana wa ku Ulaya alira Chizungu komweko. Amalawi anzanga akuno nawonso, eee, musandiyambitse! Adokotala ena akwathu okhala ku Oakville anabwera ndi akazi awo atanyamula keke, ngati ndabadwa kumene, anakhala pampando, jekete osavula, maso pa wotchi.

“Pepani kwambiri, achimwene. Tikanakhalitsa, koma mukudziwa sitima ya ku Oakville sidikira munthu.”

Keke pamaliro! Osakhala pansi, osaimba nyimbo ngakhale imodzi, osagona pasiwa. Mnzanga Mabvuto wa ku Chipata, amene tinkakhala naye nyumba imodzi, anayesetsa ndithu, koma munthu mmodzi angadzaze maliro? Ndinatsala ndi mkwiyo wosowa poutula, ndinkakwiyira aliyense amene akupuma, ngakhale woyendetsa basi akandimwetulira ndinkati m'mtima, iwe ukusekera chiyani bambo anga ali m'dothi?

Mwezi womwewo, ngati achita kupangana, olemba komiki ija anapha Nkhalamba Chitsulo. Anamuphetsa kwa chigawenga chachikulu cha m'nkhanimo, Bwana Chigaza. Ndinapirira, ndinati imfa ndi imfa, tiyeni tione maliro ake. Kabuku kotsatira katatuluka, ndatsegula tsamba lachiwiri, Alonda aja ali patebulo akudya masangweji, akuseka, wina akufunsira ngwazi inzawo Mayi Mphepo chibwenzi! Nsalu yakuda palibe, manda sanaonetse, amene analira palibe. Ndinaponya kabukuko kukhoma. A Gelesomu anali kutali, amalume kutali, adokotala sindikanawatukwana, koma awa ndinati ndithana nawo.

Mwayi unabwera wokha. Pasitolo yomwe ndinkagula makomiki anamata chipepala chakuti Loweruka kudzabwera wolemba wa Alonda a Mphezi kudzamva maganizo a owerenga, popeza zinthu sizikuyenda. Pansi pake panali timawu tina ting'onoting'ono. Ine ndi timawu ting'onoting'ono sitinkagwirizana, ndinangotisiya.

M'mawa wa Lowerukalo ndinadzuka ndi nzeru ina. Ndinati ngati kwathu anameta popanda ine, ndidzimeta ndekha, bambo anga asaone ngati ana awo ena ndi akunja. Munayesapo kudzimeta mpala nokha ndi lezala, kunkhongo osakuona? Ndinadzicheka malo osawerengeka. Mabvuto, pofuna kuthandiza, anandimata timapulasitala, kamodzi chotere kena chopingasa, mutu wonse mitanda yokhayokha ngati manda a pamishoni.

“Iwe mwana wa amayi, ukuyenda tero m'tauni ya eni ake?” anatero akudziluma milomo kuti asaseke. “Akakugwira ndidzati sindikudziwa.”

“Ndikukalankhula ndi anthu opanda mwambo, sindikukafunsira mbeta.”

Ndinavala chikhoti changa chakuda chofika m'akakolo, chimene ndinagula pa kaunjika wa kutchalitchi, magolovesi akuda chifukwa kunja kunali sinoo, chisanu chawo choyera chija, chipewa kumutu, ulendo.

Msonkhano unali m'chipinda chapansi pa sitoloyo. Ndikutsika masitepe ndinadabwa kuona ena avala nsalu kumsana, wina kabudula wamkati pamwamba pa thalauzi, mayi wina wadzipaka siliva kumaso. Ndinati m'mtima, Azungu ndi Azungu, ine za eni sindilowerera. Ndipo monga mwana woleredwa bwino, polowa m'nyumba ya anthu ndinavula chipewa.

Anzanga, chipinda chonse chinatembenukira kwa ine. Kenaka m'manja, phwaphwaphwa! Ena mluzu! Wina anadzandigwira chanza ndi manja awiri, wina akundisisita paphewa, wina akujambula. Ine mtima unasungunuka pang'ono. Ndinati taonani, anthu awa aona mpala, adziwa kuti ndine namfedwa, akundipepesa m'njira yawo. Ndinayamba kuzungulira kupereka moni kwa aliyense, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja, ndikuwerama, ndikuti zikomo, zikomo, ndi chifuniro cha Mulungu. Ndikamati ndi chifuniro cha Mulungu, iwo kuseka mpaka kugwira m'mimba. Apo ndiye ndinayambanso kutentha.

Maganizo a owerenga anayamba. Wa kabudula pamwamba uja anati vuto ndi zojambula, manja a anthu akumaoneka ngati nthochi. Mayi wa siliva anati ngwazi zachuluka, wina aliyense akungolankhula mzere umodzi, aphepo ena atatu. Mnyamata wina wonenepa wa magalasi anaimirira n'kufotokoza nthawi yaitali kuti Chiphaliwali, ngwazi yaliwiro ya m'gululo, sangathamange kuposa mphezi chifukwa m'kabuku kakale ananena kuti mphezi ndi msuweni wake. Anakangana, anzanga, anthu akuluakulu andevu zawo, mitsempha kutuluka m'khosi, za mtundu wa nsapato za Mayi Mphepo! Za maliro palibe anatchula.

Ndinaimirira. Kutsogolo kunali anthu awiri: mnyamata wa tsitsi lofika m'mapewa, wa jinzi yong'ambika pabondo, atakhala pabokosi, ndi bambo wina wachikulire wa imvi ndi taye atakhala pampando wokhawo wabwino. Inu mukanati wolemba ndi uti? Kwathu mpando ndi wa mwini nkhani. Ndinalunjika kwa a imviwo, chala kutsogolo.

“Bambo, ndinu munthu wamkulu. Simukuchita manyazi? Munthu wakulererani ana onsewa, wawaphunzitsa kuuluka, wafa, inu mukuwapatsa masangweji?”

M'manja kachiwiri! Wina anakuwa kuti, “Auze, auze!” Bambo aja anangotsegula pakamwa n'kuyang'ana uku ndi uku. Ine ndinati eya, chawalasa. Ndinapitiriza, Chingelezi cha m'makomiki chikutuluka ngati madzi a pampopi. Ndinati amoyo ndinu anthu oipa, mumathamangira kutsuka mbale munthu asanazizire. Ndinati Chiphaliwali ndi wothamanga kuposa mphepo koma analephera kuthamanga kukauza anzake kuti mkulu akudwala. Ndipo penapake, sindikudziwa kuti ndi pati, Chingelezi chinandithera, Chichewa chinalowa chokha, ndipo Chiphaliwali anasanduka a Gelesomu.

“Inu a Gelesomu, positi ofesi ili pafupi ndi msika pomwe mumamwera tiyi! Munalephera bwanji? Amalume, ine ndi mwana wa Mzungu? Si ine ndinkawaperekeza bambo kudimba?”

Bambo a imvi aja, amene sanapondeko ku Ntcheu chibadwire, anangolandira zonsezo m'malo mwa banja lathu. Anthu ndiye anasangalala koposa. Ndinamva wina kumbuyo akunong'oneza mnzake kuti, “Wachita kupeka ndi chilankhulo cha kudziko lake lomwe, uyu ndi katswiri.”

Ndinabwerera ku Chingelezi n'kukuwa kuti, “Pamaliro sakhala pamipando! Khalani pansi nonse!” Anakhala pansi, anzanga! Nsalu zawo zakumsana, siliva wawo, onse pasimenti, maso ali pa ine, akumwetulira ngati ana a Sande sukulu. Nditaona anthu akhala pansi, chinthu chimene ndinachilakalaka mwezi wonse, ndinakhala nawo pansi n'kuyamba nyimbo yomwe bambo ankaikonda kutchalitchi. Misozi ndi mamina zinali chuchuchu, ena anayamba kung'ung'udza nawo osadziwa n'komwe chomwe akuimba.

Nditamaliza, mwini sitolo anabwera akuomba m'manja atanyamula chipepala chachikulu chokulunga. Anati palibenso chovotera, mphoto ya amene wavala mofanana ndi munthu wa m'komiki kuposa onse yapita kwa ine. Timawu ting'onoting'ono tija tinkanena zimenezo! Anatambasula chipepalacho kuti onse aone. Chinali chithunzi cha Bwana Chigaza, chigawenga chomwe chinapha Nkhalamba Chitsulo: chikhoti chakuda chofika m'akakolo, magolovesi akuda, mutu wa mpala wodzaza zipsera zopingasana. Ndinayang'ana chithunzi, ndinagwira mutu wanga, ndinayang'ananso chithunzi. Mayo ine! Miyezi yonse ija ndikumuwerenga munthu ameneyu, ndikudana naye, lero ndamuvala kuchokera kumutu mpaka kuphazi, ndabwera kudzakalipira anthu kuti sanalire munthu amene ndinamupha ndekha!

Ndipo wolemba sanali a imvi aja. Anali wa jinzi yong'ambikayo. A imvi anali mwini nyumbayo, anangotsika kudzaona chifukwa chake paipi yotenthetsera chipinda ikulira, anthu n'kuwapatsa mpando.

Ndinafuna simenti ing'ambike ndilowe. Koma bambo aja, m'malo mondiitanira apolisi, anadzuka pampando paja, anagwada movutikira, mawondo akulira, n'kukhala pansi pafupi nane.

“Mwana wanga, misozi iyi si yamasewera. Wamwalira ndani?”

“Bambo anga.”

Kuseka konse kunatha. Wa kabudula pamwamba uja anavula chigoba chake kumaso n'kuchiika pamwendo. Mayi wa siliva anafunsa kuti, “Ndiye kwanu mumatani?” Ndinati timangokhala. Anati mpaka liti? Ndinati mpaka mwini maliro atatopa. Ndipo anakhala, anzanga. Wina anakagula khofi, wina anandifunsa dzina la bambo n'kulitchula molakwika, ine ndinawauza za dimba lawo la kabichi ndi momwe ankayang'anira pansi akakwiya, mpaka mwini sitolo anati pepani, ndiyenera kutseka. Maliro a bambo anga ku Canada anakhuzidwa ndi anthu ovala makabudula pamwamba pa mathalauzi, ndipo anakhalitsa kuposa adokotala.

Nditafika kunyumba n'kumufotokozera Mabvuto, anagwa pampando, anakwawa mpaka kukhitchini akuseka, akupuma n'kumati, “Bwana Chigaza, tiyi muthira shuga angati?” Dzinalo linafika mpaka kutchalitchi.

Koma chomaliza ndi ichi. Wa jinzi uja, nthawi yonse ija ndikulalata, iye ankalemba. Patapita miyezi ingapo kanatuluka kabuku ka maliro a Nkhalamba Chitsulo. Alonda a Mphezi onse ameta mpala, ndi Mayi Mphepo yemwe, akhala pansi kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, osauluka, osamenya munthu, akungoimba. Ine ndinalira, ndinati koma ndiye komiki imeneyi. Owerenga ena onse anakwiya ngati mavu, anati tagula nkhondo atipatsa anthu a dazi okhala pansi, ndipo kabuku kotsatira sikanatulukenso. Bwana Chigaza weniweni analimbana nalo gulu lija zaka ndi zaka n'kungophapo mmodzi, ine Loweruka limodzi ndinamaliza onse.

Kuchokera pamenepo ndinalumbira. Wina akati tikufuna maganizo a owerenga, ine ndimati zonse zili bwino, pitirizani. Ndipo ndikafuna kutukwana a Gelesomu, ndimadikira ndikafike ku Ntcheu, tsitsi lili m'mutu.