Nsidze za Amayi

Lolemba
Chithunzi cha malemu amayi chikufufuluka. Ndi chokhachi chomwe tili nacho: aimirira pansi pa mitengo ya paini, atavala duku la kutchalitchi. Duku likuonekabe, koma nsidze zapita, maso nawo akutsatira. Ndaganiza zozibwezeretsa ndekha ndi inki, mosamala. Abambo sindiwauza.

Lachiwiri
Kumsika wa pa Boma. Ndazungulirazungulira benchi la bambo wogulitsa mabolopeni mpaka andifunsa okha. Inki ali nazo: ya kusukulu, ya zidindo, ndi ina yopanda dzina yochokera ku Mozambiki. "Iyi ndi mtundu wa ija ya pavoti, achemwali. Mudzakalamba ndinu, iyo ili mwana." Ndagula zonse, kukana ndachita manyazi.

Lachitatu
Mayeso! Ndalemba mizere pa katoni ya sopo n'kuisiya panja pachifunga. Ya kusukulu yayenderera ngati misozi. Ya zidindo yafiira. Yopanda dzina ija ili nji!

Lachinayi
Zida: nthenga ya nkhuku, singano, m'manja mosamba ndi sopo. Ndalemba nsidze yakumanzere osapuma mpweya. Yatuluka bwino! Ndi momwe amayi ankaikwezera ndikachedwa kumjigo. Yakumanja yanenepa pang'ono.

Lachisanu
Ndanenepetsa yakumanzere kuti zifanane. Tsopano yakumanja ikuoneka yowonda. Ndaiwonjezera. Mayo ine, zakumana pakati!

Loweruka
Katoni imamwa inki, chithunzi sichimwa. Zimenezi sindinaziyese. Ndachiimika pawindo kuti chiume, dontho latsika mpaka pansi pa mphuno. Thonje lonyowa, sopo, mandimu: inki siikusuntha, lachoka ndi khutu la amayi. Wogulitsa uja sananame.
Azakhali alowa osaodira: "Aa! Chithunzi cha amalume ako a ku Joni wachipeza kuti?"

Lamulungu
Ndachibisa kuseri kwa kabati. Pochokera ku Misa abambo aona msomali uli wokha pakhoma, afunsa. Ndawapatsa, maso ali pansi. Achiyandikitsa, achitalikitsa. Mapewa akugwedezeka, kaya akulira kaya akuseka.
"Iwe unali wamng'ono," atero. "Ndikaweruka kocheka matabwa n'kulowa ndi matope m'nyumba yozira kumene, amayi ako ankandiyang'ana chonchi ndithu."
Achipachika okha. Basi, chikhala momwemo, ndipo sichidzafufulukanso.
Masana ano apita kukaona mbatata kudimba. Pobwera afika pakhomo, ayang'ana kukhoma, abwerera, avula nsapato.