Chipinda cha Matebulo Chasowa

Lolemba
Akuti pulogalamu yatsopano yotayipira yandigonjetsa. Bodza la anthu a ku Luwinga! Ine ndinafika chaka chachitatu ku yunivesite, ndipo ndinachoka ndekha. Olakwa ndi amene anaipanga. Mabatani anali pamzere umodzi, iwo awagawa m'zipinda, mayina pamwamba, uzigogoda chimodzichimodzi ngati wofuna nyumba ya lendi. Nyirenda, amene ankakopera mayankho anga koma lero ndi lekichara, wabweretsa lipoti: matebulo khumi, timabokosi take ndilumikize pofika Lachisanu. Ndamuuza kuti Lachitatu.

Lachiwiri
Dzulo chipinda cha matebulo ndinachiona ndi maso angawa, kumapeto chakumanja. Lero kulibe! Ndikukayikira:
magetsi;
vairasi;
Mayi Asiyatu a golosale yoyandikana nane, amene ndimawalola kusindikiza mitengo yawo pa pulinta yanga.
"Ine ndinangodina posindikizira, achimwene." Onse amatero.

Lachitatu
Ndikujambula mapu pa katoni ya sopo, chipinda chilichonse ndi mabatani ake. Opanga mapulogalamu abwere adzaphunzire. Ndisanafufuze ndimayamba ndadina pamutu pa tsamba, monga achitira munthu wadongosolo. Cha matebulo osaoneka. Foni ya Nyirenda sindikuyankha.

Lachinayi
Mwaukali ndadina kawiri pa dzina la chipinda. Mabatani onse apindika, kwatsala mayina okha! Kasitomala wina amene anali m'shopu yanga ndamuuza kuti ndachita dala, tsamba lipume mpweya.

Lachisanu
Nyirenda uyo. "Monile, ada. Tafika pati?" Ndikumufotokozera kupusa kwa opanga makompyuta, mapu ali m'manja. Mayi Asiyatu alowa kudzabwereka sitepula, asuzumira, adina m'kati mwa tebulo kamodzi. Chipinda chija tulukiru!
"Chimabwera ukakhudza tebulolo, achimwene. Nchamanyazi."
"Yewo chomene, mama," akuthokoza Nyirenda. Wazula fulashi ya lipoti lake pa kompyuta osandiyang'ana.

Loweruka
Sindinalakwe. Khomo looneka ukakhala kale m'nyumba, limenelo ndi khomo? Ndikanamaliza digiri ija ndikanalemba buku pa nkhani imeneyi.

Lamlungu
Ndakhululukira onse, ngakhale sanapepese. Mabatani akadali chipindikire, ndipo sindifunsa munthu. Katoni ya mapu ndatsekera pomwe pamalowa mphepo pazenera. Lipoti la Nyirenda alimaliza ndi Mayi Asiyatu pa laputopu yawo, uku akuyeza shuga. Mawa akudzalisindikiza pa pulinta yanga.