Nkhondo ya Tiana Titatu Tachikasu

Khalani chete inu a ku Kapichila, nanunso a ku Magodi tsamiritsani njinga zanu pamtengo, pakuti tikukumbuka chaka cha chilala, chaka chimene mvula inatikana ndipo tinadya chimanga chachikasu chochokera kutali, chaka chomwecho chimene nyumba ziwiri zazikulu, zolekanitsidwa ndi mpanda umodzi wa nkhadze, zinatsala pang'ono kuthana chifukwa cha mchira wa galu.

Kum'mawa kwa mpandawo kunkalamulira a Danwell Mtonga, Njovu ya ku Luanshya, Mwini Chisoti cha Mumgodi, Mlonda wa Magazi Oyera. Pobwerera kumudzi kuchokera ku migodi, iwowa sanabwere ndi wailesi kapena makina osokera ngati anzawo. Anabwera ndi agalu awiri a mtundu wa Alisesheni, Kaputeni ndi Dona, pamodzi ndi buku lolembamo mibadwo yawo. Pofuna kuti magaziwo asasakanikirane ndi a agalu a m'mudzi, ankakwatitsa mwana kwa atate ake, mdzukulu kwa agogo ake, zinthu zoti zikanachitika pakati pa anthu, akulu a mpingo akanakhalira pansi sabata yathunthu. Ana oyamba a maukwati otere anabadwa opindika miyendo, n'kufa onse. Koma otsatira anatuluka amphamvu ngati mikango, ndipo Njovu inati zimenezo ndi nzeru zake.

Inalinso ndi lamulo lakuti galu akabereka azikhala m'chikuta ngati munthu, mwamuna salowamo mpaka tiana titatsegula maso. Kiyi wa kanyumba ka agaluwo ankasunga ndi akazi awo, a Yunike NyaGondwe.

Kumadzulo kunali a Steward Zimba, Mkuntho wa M'minda ya Mtedza, Wosayankha Moni Kawiri, mwini wake wa Pondani, galu wachikasu wa mchira wopiringizika ndi khutu limodzi ndi theka, amene atate ake sankadziwika ngakhale kwa mayi ake.

Ndipo pakati pa maufumu awiriwa panali Taizya, mwana wamkazi wa Njovu, amene ankakonda Kenan, mwana wa Mkuntho. Chaka chonse ankasiyirana makalata m'chitini chokwiriridwa pansi pa nkhadze, ndipo tsopano thenga, mkulu wodzafunsira ukwati, anali atalonjeza kubwera Loweruka.

Tsoka linadzera ku Magodi. Kunagwa maliro, a NyaGondwe ananyamuka mothamanga n'kuponyera Taizya kiyi, ndipo ali komweko Dona Wachinayi, chidzukulu cha Dona woyamba uja, anabereka tiana tisanu ndi tiwiri: tinayi takuda, titatu tachikasu. Taizya anatikonda tonse. Koma Lachinayi, chikuta chitatha, Njovu inalowa ndi buku lake m'khwapa, ndipo kukuwa kumene kunatuluka m'kanyumbamo kunathamangitsa nkhanga mpaka kudambo.

Inavala chisoti cha mumgodi, inavala majombo, inagwira ambulera ngati mkondo, n'kuima pa mpanda.

"Tulukani, a Zimba! Zaka zisanu ndi zitatu ndasunga magazi amene anawoloka nyanja pa sitima, lelo aipitsidwa ndi chigawenga chanu chodya makoko! Ndikulumbila pa chisoti ichi, thenga wanu akaponda pano Loweluka adzabwelela ndi mawu ake m'thumba!"

Mkuntho unatuluka ndi pampu ya njinga m'manja.

"A Mtonga, Pondani alibe kiyi! Kapena mukuti anapita ku Boma kukasulitsa? Galu wanga ndi waulemu, sapita kumene sanaitanidwe!"

Taizya, atabisala kuseri kwa nkhokwe yopanda chimanga, anamva zonse. Masiku awiri okha! M'mawa mwake anakwera njinga ya atate ake osapempha, n'kupalasa kukatenga amayi ake.

Atafika pamudzi wa amayi ake aang'ono ku Magodi, anatsika panjinga n'kuyang'ana uku ndi uku. Pabwalo panali agalu achikasu, pansi pa ngolo agalu achikasu, pakhomo la tchalitchi agalu achikasu, onse a michira yopiringizika, koma makutu ali njo, makutu aatali a agalu a atate ake, amene iye ankawadziwa kuyambira ali mwana.

"Amama, agalu awa..."

"Ukuyang'ana chiyani? Palasa njinga, tizipita."

Loweruka linafika. Magulu ankhondo anali ataima kale, wina ndi ambulera, wina ndi pampu, thenga ali pakati atakumbatira chipewa chake ngati munthu wogwidwa ndi mvula. A NyaGondwe anatsika pa kaliyala, anakonza chitenje chawo, n'kugwada pang'ono pamaso pa amuna awo monga mwa ulemu.

"Awiske Taizya, pindani ambulela, kulibe mvula chaka chino. Amene ankatsegulila Pondani ndine."

Nkhuku zinasiya kupalasa.

"Mukukumbuka aja anafa opindika miyendo? Munalila sabata yonse osadya. Ndiye ndinati basi, sindikwililanso ana agalu kuseli kwa chimbudzi. Inu mukapita ku kwaya, ine ndinkachotsa Kaputeni, n'kulowetsa uyu. Achikasu ndinkawapititsa ku Magodi m'dengu chikuta chisanathe, akuda n'kukusiyilani. Dona Wachitatu ndi mwana wake. Dona Wachinayi ndi mwana wakenso."

Onse anatembenukira kwa Pondani, amene pa nthawi yolemekezeka imeneyo anali kudzikanda nthata.

Taizya anayang'ana atate ake, ndipo anadziwa kuti ukwati wake wapachikika pa mawu amene atuluke m'kamwa mwawo. Njovu inatsegula buku, inayendetsa chala m'mizere, inawerenga mobwereza. Kenako nkhope yake inayamba kuwala ngati ya munthu amene wapeza njira m'tchire.

"Imani kaye. Wachitatu ndi mwana wake. Wachinayi ndi mwana wake, komanso mdzukulu wake. Ndiye kuti mzele sunaduke! Njila yanga ndi yomweyo, tate mmodzi mibadwo itatu! Ndinkangolakwitsa dzina!"

"Ndi zimenezo, a Mtonga," anatero Mkuntho, ukubisa pampu kumbuyo. "Ife tinali apongozi kalekale, osadziwa."

Mtendere unasainidwa tsiku lomwelo m'buku la mibadwo. Dzina la Kaputeni linafufutidwa ndi malovu, ndipo m'malo mwake munalembedwa kuti Pondani Woyamba, Kholo la Mtundu. Anamuveka chisoti cha mumgodi, anamukweza pa kaliyala, n'kumuzungulitsa mudzi katatu amayi akululutira, mpaka iye anadumpha n'kuthawa ndi mutu wa nkhuku ya thenga. Kenan anayang'ana Taizya pamwamba pa nkhadze, poyera, kwa nthawi yoyamba, ndipo chitini chija chinapuma ntchito.

Koma phwando lili mkati, Taizya anaona atate ake akumuyang'anitsitsa makutu, kenako n'kuyang'ana makutu a a Zimba. Anawamva akusendera kwa amayi ake, mawu ali pansipansi.

"NyaGondwe, masiku aja ndinali ku migodi... nanga uyu Taizya?"

"Ameneyo ndi wanu, musavutike," anayankha a NyaGondwe osatembenuka n'komwe. "Makani ngati amenewo simungawapeze kwa a Zimba."