Bulauzi ya Chigwirizano ndi Mankhwala a Mapazi

Mpaka lero mkazi wanga salola kuti ndiyandikire beseni lochapira, ndipo sindingamunene.

Ndimaphunzitsa sayansi kufupi ndi Madisi. Dzinja lina pakati pa zala zanga zakumapazi panayamba kuyabwa ndi kusupuka. Kuchipatala anandipatsa timibulu takuda totchedwa pamanganeti, kuti ndiziponya tiwiri tokha m'madzi n'kuviikamo mapazi. Ndinawauza adokotala kuti mankhwalawo ndimawadziwa (sanandifunse). Amapereka okosijeni ku chinthu n'kuchiwotcha popanda moto, ndipo ndi mmene amaphera tizilombo. Jiki woyeretsera zovala amachitanso chimodzimodzi.

Nzeru zimenezi ndi zomwe zinandipweteka.

Loweruka lina mkazi wanga anapita kumaliro ku Chisepo. Mawa lake anali woti akavekedwe yunifolomu ya amayi a chigwirizano, tsiku limene analiyembekezera kwa nthawi yaitali. Koma bulauzi yake yoyera, yatsopano, inali ndi kadontho ka tiyi pakolala (tiyiyo anali wanga). Jiki anali atatha. Ndinayang'ana timibulu tija n'kunena mumtima kuti awa ndi pachibale.

Ndinathira supuni yathunthu m'beseni la madzi n'kuviikamo bulauzi ija. Madzi anasanduka pepo, bulauzi nayonso pepo. Ndinadzilimbitsa mtima kuti ikauma iyera. Itauma inatenga mtundu wa fodya wam'chigafa. Ndinafikisa ndi sopo mpaka thukuta, koma ayi ndithu.

"Bambo a Tadala, ichi n'chiyani?" anafunsa mkazi wanga atangofika.

"Madzi apamjigo awa, amakhala ndi dzimbiri."

"Taonetsani manja."

Anali akhofi mpaka m'zikhadabo. Sanakalipe. Anangokhala pansi n'kulira, ndipo manyazi amene ndinamva sindidzawaiwala.

Lamulungu anavekedwa bulauzi yobwereka kwa Mayi Nabanda, mayi wathupi, moti tinachita kuipana ndi mapini. Ine anandilamula kukhala kutsogolo. Potuluka, abusa anandigwira dzanja n'kuliyang'anitsitsa.

"Aphunzitsi, mwayamba kusankha fodya?"

"Ayi abusa," mkazi wanga anandiyankhira, "ndi sayansi imeneyo."

Patapita sabata, mphunzitsi mnzanga anandiuza kuti madzi a mandimu akanachotsa zonsezo. Mtengo wa mandimu uli kuseri kwa nyumba yathu! Ndinathamangira kunyumba kukapempha bulauzi ija kuti ndiyesere.

"Ndinaisandutsa chokolopera," anatero. "Ngati mukuifuna, yambirani kukhitchini."