Apongozi Anga Pamutu

Amene akuti ndikunama aimirire ndimuone, makamaka inu alamu anga amene munagubuduka ndi kulira pa maliro a bambo anu, pamene tsiku la madzi munali phee ku Matero.

Apongozi anga, a Sajeni Sakala, anamenya nkhondo ya azungu ku Bama, ndipo chaka chilichonse asilikali akale ankasonkhana m'tauni kuti aitanidwe maina. Wosayankha ankamuyesa wakufa. Chaka chimenecho mvula inagwa mpaka komboni yathu yonse ya Kanyama inamira, achule akuimbira padenga, minibasi zikuyandama ngati mabeseni, makondakitala akupalasa ndi mapatapata, amuna anga ali ku Nakonde ndi lole ya abwana awo. Nkhalamba inavala jekete, mendulo zili waliwali, koma mawondo anakana. Popeza munthu ndi apongozi ake sayang'anana, iwo pofuna kulankhula ndi ine anauza khoma kuti, "Kauzeni amake Tisa, lero banilemba wakufa, ine nikali kupuma."

Mukumva? Tsono apongozi ungawabereke bwanji, anthu oti ngakhale chala sungawakhudze? Ine ndilibe nthawi yoganiza kawiri. Ndinazula chitseko ndi dzanja limodzi, linalo likukazinga vitumbuwa va malonda, ndinachigoneka pansi n'kutembenukira kumbali, iwo anakwerapo ndi mpando wawo womwe, ndinapinda chitenje kukhala nkhata, mutu pansi pa chitseko, hii, apongozi m'mwamba, mendulo zokha zikulemera ngati matumba atatu a simenti!

Ndinalowa m'madzi ofika m'khosi, pena ondipitirira, ndikupumira m'paipi ya mbaula, iwo pamwamba akulamula khoma lomwe tinalisiya kunyumba kuti, "Kumanzere! Kumanja!" ine n'kumamvera, ndikulumpha ngalande, ndikupitirira minibasi zisanu ndi ziwiri, mafunde anga akukankha nyumba ina mpaka inakaima ku Chawama, kumene eni ake akukhalabe mpaka lero, ndipo mlamba wina utalumphira m'thumba la jekete apongozi anaumanga ngati mkaidi wa nkhondo. Mukumva inu? Titatulukira pa tala ndinathamanga mpaka zovala zinauma n'kudzisita zokha, apolisi a pamsewu akuchitira sawatcha chitseko.

Tinafika pabwalo la asilikali. Kunalibe lipenga, kunalibe bandi, kunali mlonda yekha akudya chimanga chowotcha. Anayang'ana m'mwamba nati, "Ba mudala, mwafulumira. Vamene ivo ni Sondo inayo, kwasala masiku seveni."

Chabwino, ndivomere. Kalata yoitanira anthu ndinawerenga ndine, ndipo nthawi imeneyo sukulu ya akulu ndinali ndisanayambe. Ndinangoigwira mwaulemu n'kutchula tsiku limene ndinali ndi mpata.

Koma apongozi anakana kutsika. Anati Kanyama sakhulupirika, msilikali akafika pamalo sabwerera. Tsono ndinaima pomwepo masiku asanu ndi awiri, iwo pamutu, ine ndikugulitsa vitumbuwa kwa odutsa, mpaka Lamlungu lenileni dzina lawo linaitanidwa, iwo anayankha kuchokera m'mwamba kuti, "Nilipo!" ndipo mlembi anafufuta mzere umene anali atayamba kale kulemba.

Anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi ali amoyo m'buku ndi m'nyumba momwe. Nkhope yawo sindinaionepo bwino, koma kulemera kwawo ndikukudziwa kuposa nonsenu amene anakuberekani.