Ndinagwada ndi botolo la diripi

Chimene ndinayamba kuona ndi kamzere kofiira kakukwera m'kachubu ka diripi, kuchokera padzanja la mwana wanga Yohane. Pamenepo n'kuti ine ndili chogwada pasimenti, ndikumwetulira ngati mtengwa wofika dzulo. Mpaka lero ndikakumbuka ndimafuna kufunda chitenje kumutu.

Chinali chaka chija tinangovota kumene zipani zambiri. Ine ndi bambo ake a Yohane tinali matenanti pa esiteti ya fodya cha ku Chisepo, koma kwathu ndi ku Phalombe. Mwana atayamba kukomoka ndi malungo, bambowo sakanatha kusiya fodya m'chigafa. Ndinapita ndekha kuchipatala, khanda langa Esinati kumsana. Anzanga m'wodi abale awo ankabwera kudzawazonda, n'kumakangana za zipani mpaka anesi kuwathamangitsa. Ine ndinkangoyang'ana pakhomo, chikhalirecho ndikudziwa kuti palibe angalowe wofuna ine.

Tsiku lachiwiri masana Yohane anayamba kupuma mobanika. Anesi anati asamutsidwire kuchipinda cha odwala kwambiri, kumunsi kwa khonde lalitali (chipatalacho anachimanga pamtsetse, mukudziwa mapiri a kuno). Chitsulo chopachikapo diripi chinali kwa wodwala wina.

"Amake mwana, gwirani botolo ili m'mwamba," anatero anesi. "Musatsitse. Ndikutsatirani, ndikatenge khadi lake."

Okankha machila a matayala anali a Kamwendo, bambo wanthabwala. "Tiyeni, mlongo. Lero inu ndiye chitsulo."

Tinanyamuka, mkono wanga uli m'mwamba ngati mwana wasukulu wodziwa yankho (ine amene ndinalekezera sitandade faifi osakwezapo mkono). Maso anga anali pachifuwa cha Yohane, kuwerenga mpweya.

Pakati pa khondelo anatulukira adokotala aakulu, a jasi loyera ndi imvi. Tsono ine amayi anandilera kuti munthu wamkulu sumamupatsa moni chilili. Mawondo sanandifunse. Ndinangozindikira ndagwada, botolo ndalipana m'khwapa kuti ndiombe m'manja bwinobwino.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

Ndiye kamzere kofiira kaja. Ndinati basi, botolo layamba kumwa magazi a mwana wanga. Ndinapinda kachubu n'kukaluma ndi mano kuti magaziwo asadutse. A Kamwendo osaona kanthu, machila akutsetsereka okha. Ine kutsatira choyenda ndi mawondo, kachubu m'kamwa, Esinati akulira kumsana, patapata imodzi yatsala m'mbuyo. Kachubu kanakungika, kanakungika, singano n'kuzuka.

Adokotala anathamanga n'kufinya padzanja la mwana ndi thonje.

"Mayi, imirirani! Wakuuzani kuti mugwade ndani?"

"Amayi anga," ndinayankha, nditalavula kachubu.

A Kamwendo anayang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka. "Kugwada kunapita ndi chipani chimodzi, mlongo."

Palibe anasekanso titafika m'chipindamo. Misempha ya Yohane inali itabisala. Anamubaya dzanja ili, dzanja ilo, phazi, mpaka anamumeta pambali pa mutu n'kulowetsa singano pamenepo. Chondiopsa n'chakuti mwanayo sanalire n'komwe. Anesi anandiuza, osakalipa, kuti botolo likatsika mankhwala amaima ndipo magazi amabwerera, ndiponso kuti odwala ambiri amavutikira panjira yaifupi yomweyi, pakati pa chipinda ndi chinzake. Bola akanandikalipira. Ndinatuluka kukatola patapata yanga, n'kukhala pakhonde pomwepo. Ndinalibe womuuza. Ndinauza Esinati, iye n'kumangoyamwa.

Kukhitchini ya odikirira odwala nkhani inafika ine ndisanafike. Mayi wina akandiona ankagwada ndi chikho m'khwapa, anzake kugwa nako kuseka. Nanenso ndinkaseka pang'ono. Kanali koyamba kuti andiyankhule.

Patapita masiku atatu Yohane anatsegula maso n'kupempha madzi. Anesi anati abwerere kuwodi, koma chitsulo chija chinali chidakali kwa wodwala wina. Ulendo uno ndinazula nsungwi pampanda wa kuseri, ndinaitsuka, n'kumangirira botolo kunsonga ndi kansalu. Esinati ndinamumanga kutsogolo kuti ndizimuona. Ndinati, "A Kamwendo, tidikire anesi, ndipo ndikati imani muime."

"Chabwino, abwana," anatero.

Pakhonde paja tinakumananso ndi adokotala aja, ali ndi abambo wansembe. Awiri! Mawondo anayamba kupindika okha. Ndinaluma mlomo, ndinagwiritsa nsungwi, maso pakachubu.

"Mwaswera bwanji," ndinatero chilili, osaima.

Amayi akadzamva ku Phalombe, andikhululukire.