A Chande Ankachonga ndi Thupi

Ku Nsanama aliyense akuuzani kuti malemu a Chande sankachonga mayeso ndi cholembera. Ankachonga ndi thupi, ndipo thupilo, abale, linali ngati nkhokwe ya chaka chabwino. Wophunzira akakhoma mpando, iwo ankangodziponyapo. Ukathyoka, basi walephera.

Sukulu ya ntchito zamanja imene iwo ankaphunzitsako inayambira m'shedi yakale ya thonje, dziko litangolandira ufulu, ndipo ankangophunzitsa ukalipentala. Atabweretsa zomangamanga, a Chande anayamba kutsamira zipupa za eni ake. Atabweretsa zowotcherera, ankakwera pa kaliyala ya njinga. Anapulumuka ndi osoka okha, poti nsalu yokwana a Chande inkasowa.

Ndiye kunabwera Rukiya, mtsikana woyamba kufuna ukalipentala.

"Mwana iwe, kosoka ndi uko," anatero a Chande.

"Ine ndatsata sowo ndi hamala, aphunzitsi."

"Buluku la akazi boma linaletsa. Padenga udzakwera bwanji?"

"Kani mipando amakhomera padenga?"

Mpando wake woyamba unathyoka nthawi yomweyo. A Chande anapezeka chagada, miyendo m'mwamba, chisoti chikugubuduzika. Ali chigonere anati, "Nkhuni zabwino izi. Kapereke kukhitchini."

Wachiwiri unatsatira mnzake. Apo bambo ake a Rukiya anadula mawu: ukathyoka wina, abwerere kumudzi, kuli mwamuna wa ku Nayuchi amene watopa kudikira. Rukiya anachita mantha zedi, koma mantha ake anasanduka makani. Anasankha mlombwa wouma, nkusema mabowo mpaka manja kuchita matuza, miyendo nkuilowetsa mothina popanda msomali ndi umodzi womwe.

Tsiku la mayeso sukulu yonse inasonkhana, ngakhale osoka anasiya mashini. A Chande anadziponya. Anagwedezeka uku ndi uku, nanyamula mapazi onse. Mpando uli zii. Anaitanitsa tiyi, namwera pomwepo, kenako tinangomva mkonono. Podzuka anati, "Alhamdulillah, lero ndapuma." Rukiya sanabwererenso kumudzi.

Zaka zitapita, a Chande anatisiya. Jeneza la kumzikiti, lonyamulira maliro, linali lofumbwa, ndipo palibe amene analimba mtima kuwagonekapo. Anthu anathamangira ku Balaka, kumene Rukiya anali ndi shopu yake. Anakhoma latsopano misozi ili chuchuchu, ndipo asanalipereke anadziponyapo kaye.

Poti akazi sapita kumanda, Rukiya anadikira pakhomo pa siwa mpaka amuna atabwerako.

"Jeneza lija linalira panjira?"

"Iyayi, mayi. Olo pang'ono."

"Ndiye ndakhoza," anatero, nkuyamba kulira mokweza.

Kusukuluko masiku ano maphunziro achuluka, ndipo amachonga ndi cholembera. Mipando imatuluka yowala bwino, koma tonse timakhalapo pang'onopang'ono, dzanja lili pakhoma. Wotikhalira poyamba uja tamusowa.